Mapepala Amene Anapulumuka Kudzala: Mbiri ya Magazini a Manga ndi Belu la ku Feira

Funsani mnyamata aliyense wa ku Chawama, Matero kapena Kabwata kuti Goku ndani, sachedwa kuyankha. Naruto ndi Luffy nawonso ndi odziwika ngati akatswiri a mpira. Nkhope zawo zili pa masikipa a salaula ku Soweto ndiponso pa zithunzi za WhatsApp za anzathu. Ambiri a ife tinakumana nawo pa TV, kenako pa ma DVD a mumsewu, ndipo masiku ano pa foni. Koma onsewa anabadwira papepala, pepala lotchipa kwambiri, m'magazini onenepa ngati njerwa amene anthu a ku Japan ankagula kumayambiriro kwa sabata n'kutaya sabatayo isanathe. Makope ochepa amene anapulumuka kudzala ndiwo lero akusakidwa ndi anthu okonda kusonkhanitsa zakale. Mbiri yawo ikutikhudza ifenso, makamaka amene kwathu ndi ku Luangwa Boma, tauni yakale imene mbiri yake yambiri inalembedwa ndi alendo n'kukasungidwa kutali.

Dziko la phulusa, pepala la zinyalala

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, mizinda yambiri ya ku Japan inali itapsa. Chakudya chinali chosowa, pepala nalonso chimodzimodzi. Ku Osaka timakampani ting'onoting'ono tinayamba kusindikiza timabuku ta zithunzi papepala lopangidwa kuchokera ku zinyalala za mapepala ena. Timabukuti ankatitchula kuti akahon, kutanthauza mabuku ofiira, chifukwa cha inki yofiira imene inkawala pachikuto. Tinkagulitsidwa m'timashopu ta maswiti ndi pamisika ya m'mbali mwa msewu, malo ofanana ndi kantemba wathuyu. Mu 1947 mnyamata wina wa zaka 18 amene ankaphunzira udokotala, Osamu Tezuka, anatulutsa kabuku kotere kotchedwa Shin Takarajima mogwirizana ndi Shichima Sakai. Ana anakakonda kwambiri chifukwa zithunzi zake zinkaoneka ngati zikuyenda, monga mu kanema.

Kumapeto kwa chaka chomwecho, mkonzi wina wakale, Ken'ichi Katō, anayambitsa ku Tokyo magazini ya mwezi ndi mwezi yotchedwa Manga Shōnen. Inali ndi masamba amene owerenga ankatumizako zojambula zawo, ndipo zabwino zinkasindikizidwa limodzi ndi dzina la mwana wojambulayo. Pamasamba amenewa panadutsa achinyamata amene pambuyo pake anadzakhala zimphona: Shōtarō Ishinomori, Leiji Matsumoto, ndi anzake awiri amene ankalemba ndi dzina limodzi la Fujiko Fujio, dzina limene lili pa Doraemon. Magaziniyi inafa mu 1955 chifukwa cha mavuto a ndalama, ndipo makope ake ndi ena mwa osowa kwambiri lero.

Mu Manga Shōnen momwemo, kuyambira 1950 mpaka 1954, Tezuka ankatulutsa Jungle Taitei, nkhani ya mkango woyera wa ku Africa imene mayiko ena anaidziwa ndi dzina la Kimba the White Lion itapangidwa kanema wa pa TV mu 1965. Africa wa m'nkhaniyi ndi wa m'mabuku ndi m'mafilimu a azungu amene Tezuka anakula nawo. Anthu akuda anawajambula ndi milomo yokokomeza, m'njira yonyoza imene inali yofala nthawi imeneyo. Kuyambira zaka za m'ma 1990, anthu atadandaula, osindikiza anayamba kuika mawu ochenjeza m'mabuku a Tezuka. Apa m'pamene magazini yakale imagwira ntchito ya mboni. Tezuka ankakonda kusintha nkhani zake zikamasindikizidwanso, komanso masamba ambiri a Jungle Taitei amene anajambula ndi dzanja lake anasowa, moti anachita kuwajambulanso. Wofuna kudziwa bwinobwino zimene mwana wa ku Japan ankaona za ife mu 1951 ayenera kubwerera ku magazini ya chaka chimenecho.

Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa mapepala a zaka zoyambirira nkhondo itatha anapulumutsidwa ndi anthu amene sankawakonda n'komwe. Asilikali a America amene ankalamulira Japan ankafuna kuti chilichonse chosindikizidwa chizidutsa m'manja mwa owunika awo. Mulu wa makope a kuyambira 1945 mpaka 1949 unatengedwa ndi katswiri wa mbiri yakale, Gordon W. Prange, n'kupita nawo ku University of Maryland. Mpaka lero ofufuza a ku Japan amawoloka nyanja kukawerenga kumeneko magazini a ana a dziko lawo lomwe.

Mpikisano wa sabata ndi sabata

Pa 17 March 1959, makampani awiri opikisana anatulutsa magazini a anyamata tsiku limodzi. Kodansha inatulutsa Weekly Shōnen Magazine, Shogakukan inatulutsa Weekly Shōnen Sunday. TV inali ikulowa m'nyumba za anthu, ndipo ana anali atazolowera kuona nkhani ikupitirira sabata iliyonse, choncho kudikira mwezi wathunthu kunayamba kutopetsa. Magazini a mwezi ndi mwezi anayamba kufota, limodzi ndi timashopu tobwereketsa mabuku totchedwa kashihon. Ena mwa ojambula a m'timashoputi anapeza nyumba mu Garo, magazini imene Katsuichi Nagai anayambitsa mu 1964. Iyo sinkagulidwa ndi anthu ochuluka, koma inkalola nkhani zolimba za umphawi ndi kuponderezana, monga Kamui Den ya Sanpei Shirato.

Kampani ya Shueisha inalowa mochedwa. Shōnen Jump inayamba mu July 1968 ndi makope 105,000, ikutuluka kawiri pamwezi, ndipo inakhala ya sabata ndi sabata mu 1969. Ojambula otchuka anali atatengedwa kale ndi magazini ena, choncho akonzi anadalira achinyamata osadziwika monga Go Nagai ndi Hiroshi Motomiya. Anadaliranso kakhadi kamene kankaikidwa m'kope lililonse, koti wowerenga alembepo nkhani zimene zamusangalatsa n'kutumiza pa positi. Nkhani imene ikutsalira pamavoti inkadulidwa msanga, ngakhale mwiniwake akhale wotchuka bwanji. Ndiye mukaona mutu wa manga ukutha pomwe nkhonya yangotsala pang'ono kufika, dziwani kuti wojambulayo ankamenyera voti ya sabata yotsatira.

Dragon Ball ya Akira Toriyama inayamba mu nambala 51 ya 1984. Patapita zaka khumi, kope la nambala 3-4 ya 1995 linasindikizidwa kokwana 6,530,000. Chiwerengero chimenechi chikuposa anthu onse amene anawerengedwa m'Zambia pa kalembera wa 1980, ndipo amenewo ndi makope a sabata imodzi yokha. Dragon Ball itatha mu 1995, Slam Dunk n'kuthanso mu 1996, owerenga anayamba kuchepa. One Piece inabwera mu nambala 34 ya 1997, Naruto mu 1999, koma chiwerengero chakale sichinabwererenso. Pofika 2017 chinali chitatsika pansi pa 2 miliyoni. Mu 2019 Shueisha inatsegula Manga Plus, kumene ambiri a inu mumawerengera mitu yatsopano pa foni tsiku lomwelo imene yatuluka ku Tokyo.

Nanga mamiliyoni onsewo anapita kuti?

Kope limodzi la Jump limakhala ndi masamba oposa 400. Kuti mwana wasukulu akwanitse kuligula, amalisindikiza papepala lobwezerezedwanso, lokhakhala, lopakidwa mtundu wobiriwirako, wachikasu kapena wofiirira pofuna kubisa zotsalira za inki yakale. Pepala lotere limasanduka lachikasu ndi lofumbutuka pakapita zaka, ndipo inki yake imadetsa zala. Nyumba za ku Tokyo n'zopanikiza, moti makope 50 a chaka chimodzi angadzaze ngodya yonse ya chipinda. Anthu ankawasiya pamashelefu a katundu m'sitima, kapena kuwamanga ndi chingwe n'kuwaika panja tsiku lotolera mapepala. Wofuna kusunga nkhani ankadikira tankōbon, buku laling'ono la pepala labwinopo limene limasonkhanitsa mitu ya nkhani imodzi.

Koma tankōbon imasiya zambiri. Masamba amene anali amitundumitundu m'magazini nthawi zambiri amasanduka akuda ndi oyera. Timawu timene wojambula ankalemba patsamba la zam'katimu sabata iliyonse, makalata a owerenga, malonda a zidole ndi magemu, nkhani zimene zinadulidwa zitangoyenda masabata ochepa, zonsezi zimatsala m'magazini basi. Ndandanda ya nkhani m'kopemo imasonyezanso amene ankakondedwa sabata imeneyo ndi amene anali pafupi kuchotsedwa. Choncho kope lakale limakuuzani zimene anthu ankaseka, zimene ankagula ndi zimene ankalota pa tsiku lodziwika bwino.

Magazini imene inabereka situdiyo

Magazini onena za anime ali ndi mbiri yawoyawo. M'zaka za m'ma 1970, Space Battleship Yamato inasonyeza kuti makatuni sankaonedwa ndi tiana tokha ayi, achinyamata a ku sekondale ndi ku yunivesite nawonso ankawatsatira. Mu 1978 kampani ya Tokuma Shoten inayambitsa Animage, ndipo pachikuto cha kope loyamba panali Yamato yemweyo. Magaziniyi inayamba kutchula mayina a anthu ogwira ntchito kuseri, otsogolera ndi ojambula, amene poyamba palibe ankawalabadira. Animedia inatsatira mu 1981, Newtype mu 1985.

Mmodzi mwa akonzi a Animage anali Toshio Suzuki. Ntchito yake inamukumanitsa ndi Hayao Miyazaki ndi Isao Takahata, ndipo mu August 1981 magaziniyi inatulutsa kope lapadera lonena za Miyazaki, amene panthawiyo sanali wotchuka kwenikweni. Pamene akuluakulu a ndalama anakana kupanga kanema wopanda manga yodziwika kale, Miyazaki anayamba kujambula Nausicaä of the Valley of the Wind mu Animage momwemo, kuyambira kope la February 1982. Kanema wake anatuluka mu 1984, ndipo mu 1985 kunabadwa Studio Ghibli, imene pambuyo pake inapambana Oscar ndi Spirited Away. Nkhani ya Nausicaä inapitirira m'magaziniyo, ikuima n'kuyambanso, mpaka 1994. N'chifukwa chake makope a Animage a zaka zimenezo amasakidwa kwambiri.

Amisala amene anakana kutaya

Sikuti manga inkalemekezedwa kuyambira kale. Mu 1955 magulu a makolo ndi aphunzitsi anachita kampeni yolimbana ndi mabuku amene ankati ndi oipa, ndipo m'malo ena manga inawotchedwa pabwalo la sukulu. Amene anaisunga kwambiri anali anthu wamba ooneka ngati osokonekera mutu. Yoshihiro Yonezawa, mmodzi mwa oyambitsa msika wa Comiket mu 1975, sankataya chilichonse chosindikizidwa. Atamwalira mu 2006, zinthu zake pafupifupi 140,000 zinapita ku Meiji University, imene inatsegula laibulale ya dzina lake mu 2009. Masuzo Furukawa, amene ankajambulako mu Garo, anatsegula kashopu ka manga yakale kotchedwa Mandarake mu Nakano Broadway ku Tokyo mu 1980, ndipo lero ndi kampani yaikulu. Mu November 2006 ku Kyoto kunatsegulidwa Kyoto International Manga Museum m'nyumba ya sukulu yakale ya pulayimale, ndipo mukusungidwa zinthu pafupifupi 300,000. Mu 2018 tsamba limodzi la Astro Boy lojambulidwa ndi dzanja la Tezuka linagulitsidwa ku Paris pafupifupi mayuro 270,000.

Pomwe pali ndalama, akathyali sasowa. Mu 2022 apolisi a ku Japan anagwira munthu amene anagulitsa kope labodza la nambala 51 ya 1984, lija loyambira Dragon Ball. Palinso makope osindikizidwanso mwalamulo, monga amene Shueisha inatulutsa mu 2017 pokonzekera zaka 50 za Jump, kuphatikizapo kope loyamba la 1968. Amenewa ndi abwino kuwerenga, koma si akale. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndiye kope la zaka 40 looneka loyera mbee likuchenjezeni. Musanatumize ndalama kwa wogulitsa wa pa intaneti, pemphani zithunzi za msana wa magaziniyo ndi tsamba lomaliza pamene pamalembedwa tsiku. Makope ambiri akale amawerenga zaka potengera ulamuliro wa mfumu: chaka cha Shōwa muwonjezere 1925, cha Heisei muwonjezere 1988. Shōwa 53 ndi 1978. Funsaninso za furoku, mphatso monga maposita ndi timabuku zimene zinkabwera ndi magazini, chifukwa kope lopanda furoku yake limatsika mtengo. Ndipo kumbukirani kuti pepala limalemera, moti ndalama yotumizira kuchoka ku Japan kufika ku Lusaka ikhoza kuposa mtengo wa magaziniyo.

Belu lopanda chaka

Tsopano tiyeni titsike msewu wa Great East, tikhote pafupi ndi mlatho wa Luangwa, tilowere kumwera mpaka pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Dzina lakale la Luangwa Boma ndi Feira, mawu a Chipwitikizi otanthauza msika. Amalonda ochokera ku Goa ndi ku Portugal anakhazikika ku Zumbo cha m'ma 1720, ndipo malowa anakhala podutsira golide, minyanga, nsalu za ku India, mikanda, komanso, chomvetsa chisoni, akapolo. Zinthu za ku Asia zinkafika pano zaka zoposa 200 Corolla ndi Hiace zisanayambe kudzaza misewu ya Lusaka.

Pofika m'ma 1830 malondawo anali atagwa ndipo amalondawo anachoka. David Livingstone atafika pa mathiriro amenewa mu January 1856, anapeza mabwinja a nyumba zamiyala, zotsalira za tchalitchi, ndi belu losweka lili pansi. Pabelupo panali zilembo I.H.S. ndi mtanda, koma panalibe chaka. Miyala inalipo, chitsulo chinalipo, koma palibe chimene chikanamuuza kuti belulo linapachikidwa liti ndipo linasweka bwanji. Panali patangopita zaka makumi awiri ndi zingapo chichokereni eni ake.

Mbiri ya Feira sinathere pomwepo. Kunabwera nthawi ya Achikunda ndi akuluakulu awo ankhondo monga Kanyemba ndi Matakenya, kunabwera boma la atsamunda a ku Britain, kunabwera ansembe a Chijezwiti amene anatsegula mishoni ya Katondwe atathamangitsidwa ku dziko la Apwitikizi, ndipo dziko litalandira ufulu dzina la Feira linasiyira malo Luangwa. Akuluakulu a kwa Mburuma ndi kwa Mphuka amasunga zambiri m'mutu, ndipo mbiri ya pakamwa ndi chuma chenicheni. Koma mukafuna tsiku ndi chaka, nthawi zambiri mumakapezeka mukuwerenga zolemba za mlendo zimene zili ku Lisbon, ku London kapena ku National Archives of Zambia ku Lusaka. Mlendo amalemba zimene zinamukhudza iye. Mtengo wa nsomba youma, nyimbo imene inkavinidwa chaka cha njala, dzina la timu ya mpira ya pa boma, zimenezi sizinali nkhawa yake.

Athu ali kuti?

Nafenso tinali ndi mapepala athu otchipa. Nyuzipepala ya Mutende inayamba mu 1936 ndipo inkalemba m'zilankhulo zathu, Chinyanja chili pomwepo. Pambuyo pa ufulu kunali Tsopano, nyuzipepala ya boma ya m'Chinyanja. Mu 1971 kunayamba Orbit, magazini ya achinyamata a m'Zambia imene inkafika m'masukulu ndi nkhani za sayansi ndi makatuni a anthu akuda ooneka ngati ife. Funsani makolo anu amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1970, mudzaona nkhope zawo zikuwala. Kenako afunseni kumene kuli makopewo. Mapepala athu timakulungira vitumbuwa ndi nsomba, timapichirira fodya, timakolezera mbaula, timakutira makope a kusukulu. Otsala amadyedwa ndi chiswe. Kuchigwa monga ku Luangwa, kumene kutentha kwa October kumaumitsa pepala kuti gwa ndipo chinyezi cha dzinja chimabweretsa nkhungu, pepala silikhalitsa popanda munthu wolisamala.

Si ambiri a ife amene tingakwanitse kuitanitsa Animage ya 1982. Koma luso la osonkhanitsa a ku Japan n'laulere. Pitani kwa agogo mukatsegule thiranki ija. Mukapeza Orbit, Tsopano, magazini ya sukulu, kalendala ya tchalitchi kapena pulogalamu ya ukwati, musachotse chikuto ngakhale chitang'ambika, chifukwa tsiku limakhala pamenepo. Musamate ndi selotepi, guluu wake amadya pepala. Musapite nazo kokamatitsa pulasitiki yamoto, chifukwa zikamatidwa sizimatukanso. Ngati mawaya omangira achita dzimbiri, achotseni mosamala. Sungani mapepalawo chogona m'bokosi lachitsulo, pamwamba, kutali ndi khoma, kutali ndi dzuwa, ndipo muzilitsegula nthawi ndi nthawi kuona ngati chiswe sichinalowe. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, mulembe dzina la magazini, nambala ndi chaka, ndipo zithunzizo muzisunge m'malo awiri.

Zimene mukupanga inuyo lero nazonso zikufunika chisamaliro chomwecho. Mu 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4 ya Malenga Mulendema, katuni ya atsikana anayi a mu Lusaka wam'tsogolo. Kumbuyo kwake kukubwera achinyamata ambiri amene akujambula kumapeto kwa makope a masamu ndi pa foni, monga ankachitira ana otumiza zithunzi ku Manga Shōnen. Foni imabedwa pa siteshoni, akaunti imatsekedwa, memori khadi imafa osatsanzika. Chimene mwachikonda pa zojambula zanu, chisindikizeni papepala, ndipo pansi pake mulembepo dzina lanu, malo ndi tsiku.